Matumba a Batani

Atelala anali ndi mapini pakamwa pamene amuna awo analowa mu shopu ndi nkhani ya kusukulu, ndipo n'zosakayikitsa kuti bamboyo anachita kusankha nthawi imeneyo. Mayiyo anali atagwada pansi, akupinda diresi la kasitomala amene anaimirira pa kampando, manja ali m'mwamba.

"Ahedi aimba foni," anatero bamboyo, maso ali pa diresi m'malo moyang'ana akazi awo. "Akuti mayankho athu ndi a aphunzitsi sakugwirizana. Akufuna Batani asamukire ku kalasi ya kumapeto kwa khonde ija. Angodikira kuti mmodzi wa ife akasaine."

Atelala analavulira mapini m'dzanja, n'kuuza kasitomalayo mwaulemu wonse kuti atsike, akavule, abwerenso mawa. Kasitomalayo anaona nkhope yawo ndipo sanafunse mafunso.

Banjali linali ndi mapasa, anyamata a zaka zisanu ndi ziwiri, koma ukanawaona pamsewu sukanavomera kuti anagona m'mimba imodzi. Zipi anatengera bambo ake, mzungu wokonza zikepe za m'nyumba zosanja: khungu loyera, tsitsi lofiirira. Batani anatengera amayi ake ndendende, wakuda bii, maso akuluakulu ofatsa. Mayina amenewa anabadwira mu shopu momwemo. Batani anameza batani la jekete akukwawa, ndipo banja lonse linalidikira mpaka linatuluka. Zipi anamutcha choncho chifukwa pakamwa pake panali ngati zipi yowonongeka, sipankatsekeka.

Kumayambiriro kwa teremu sukulu inatumiza mafunso kwa makolo onse. Kodi mwana wanu amakhazikika pamalo amodzi? Amadikira nthawi yake? Amamenya anzake? Mafunso omwewo anayankhanso aphunzitsi. Atelala sanabise kanthu. Za Zipi analemba chilungamo chokhachokha: sakhazikika, sadikira, amalongolola ngakhale ali m'tulo. Za Batani analemba kuti ndi mwana woti ukhoza kumuiwala m'nyumba n'kukhoma chitseko. Tsono aphunzitsi nawo analemba zomwezo, kungoti mayina anawasinthanitsa.

"Mwawayankha kuti chiyani?" anafunsa Atelala chitseko chitangotsekeka.

"Ndati tikambirana kaye."

"Tikambirana chiyani? Ana anu simukuwadziwa? Anathyola chitseko cha kabati ndani? Anathira sopo yense m'chimbudzi mpaka thovu kufika pakhomo ndani?"

"Ndi Zipi, ndikudziwa. Koma ife kusukulu sitikhalako, mayi a mapasa. Anthu ajatu anaphunzira za ana. Akuti m'kalasi imeneyo ana ndi ochepa, aliyense amasamalidwa bwino."

"Munayamba mwasuzumiramo?"

Atelala anali atasuzumiramo tsiku lina akufunafuna chimbudzi. Munali matebulo otalikirana, mawindo a waya, ndi ana ochepadi. Pasukulupo ana ambiri anali azungu, koma m'chipinda chimenecho ukanaganiza kuti walowa sukulu ina, pafupifupi nkhope zonse zinali ngati ya Batani. Ndipo mayi aliyense wodikira mwana pageti ankadziwa kuti wolowa mmenemo sabwereranso ku kalasi ya anzake.

"Chonde, musayambe za khungu," anatero bamboyo motsitsa mawu.

Apa ndiye mtima wa Atelala unaphulika.

"Ndiyambe ine? Ine ndi amene ndimayamba? Tsiku lija kuchipatala namwino anandifunsa kuti mwana woyerayu ndikulerera ndani, munali pomwepo inu. Munaseka! Munati wasokonezeka chabe. Aliyense amangosokonezeka, bambo a mapasa, ndipo amasokonezekera mbali imodzi yokhayokha. Mukasaina pepala limenelo, mukagone m'chikepe momwemo."

Chimene chinkawawa Atelala koposa n'chakuti Batani sanakhale wofatsa mwangozi. Anachita kumusoka ndi manja awo kuti akhale choncho. Mapasawo ali ndi zaka zisanu, mlonda wa sitolo ya pakona anaimitsa Batani pakhomo n'kumupisa m'matumba anthu akuona, pamene Zipi anaima pambali tsaya litatupa ndi switi imene anatola pa shelefu. Mlondayo sanapeze kanthu, ndipo sanapepese. Tsiku lomwelo Atelala anasonkhanitsa mabuluku onse a Batani n'kusoka matumba ake, kuwatseka ndi ulusi wofanana ndi nsalu, mwaluso moti sukanaona. Mwana wopanda matumba palibe angamunamizire kuti wabisa kanthu. Kuyambira pamenepo buluku lililonse latsopano linkadutsa kaye pa makina.

Ndiyeno m'mawa uliwonse, bambo atapita kale ku zikepe zawo, ankamugwira mwanayo chibwano n'kumuyang'ana m'maso. "Manja azioneka. Usathamange. Usakweze mawu. Uziyang'anira m'bale wako, chifukwa iye akalakwa, anthu ayang'ana iwe." Batani ankagwedeza mutu. Nthawi imeneyo Zipi amakhala ali kale panja, akulendewera pa geti. Ndiye mwana woleredwa chonchi, lero mphunzitsi wa dzulodzuloli alembe kuti ndi wovuta? Atelala anapondereza makina masana onsewo mpaka singano inathyoka.

Kusukulu anapita tsiku lotsatira ana ataweruka. Mapasawo anawasiya pa benchi ya pakhonde. M'kalasi anawakhazika pa timipando ta ana, moti mawondo a bamboyo anafika pachifuwa. Atelala anakhala chiwongokere, tepi yoyezera ikadali m'khosi, chifukwa anaiwala kuivula. Pakhoma panali chikatoni chachitali cha mitundu itatu, chobiriwira pamwamba, chachikasu pakati, chofiira pansi. M'mbali mwake munali zopanira zovala, chilichonse chili ndi dzina la mwana. Wochita bwino chopanira chake chinkakhala pamwamba, wolakwa chinkatsika. Cha Zipi chinali pobiriwira pakati pa anzake. Pofiira panali chopanira chimodzi chokha, ndipo Atelala sanafunike kuwerenga dzina.

Aphunzitsi anali mtsikana wachizungu wa mawu ofewa, wa choko m'zala. Ahedi anali bambo wakuda wa imvi, wovala tayi, ndipo anakhala chapambali atagwira mapepala.

"Poyamba ndinene kuti Batani ndimamukonda kwambiri," anayamba aphunzitsiwo.

Atelala anafinya chikwama chawo. Makasitomala oyamba ndi kuyamikira kasokedwe ndi amene amabweza diresi.

"Koma sakhazikika. Amadzuka pampando popanda chilolezo. Manja ake sakhala malo amodzi. Ndipo chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti amagwira m'bale wake mwankhanza. Amamukoka mkono, amamutseka pakamwa. Tsiku lina anamukoka kolala mpaka inang'ambika."

Kolalayo Atelala ankaikumbukira. Anaisoka okha, akukalipira Zipi kuti amatha zovala ngati njenjete.

"Pamene ankamukoka kolalayo, Zipi anali pati?"

"Anali pawindo."

"Pawindo ataimirira pansi?"

Aphunzitsi anazengereza. "Anakwera pa shelefu ya mabuku kuti aone galimoto yozimitsa moto. Ndi mwana wachidwi kwambiri, amafuna kudziwa chilichonse."

"Wachidwi," anabwereza Atelala pang'onopang'ono. "Wokwera shelefu ndi wachidwi, womutsitsa ndi wankhanza. Nanga chopanira cha wachidwiyo chinatsika?"

"Ndinalankhula naye."

"Munalankhula naye. Batani munalankhula naye?"

"Kugwira mnzako ndi mlandu waukulu pasukulu pano, mayi. Si ine ndinakhazikitsa lamulolo." Nkhope ya aphunzitsi inayamba kufiira. "Ndipo ngati mukuganiza zimene ndikuona kuti mukuganiza, ine sindiona khungu la mwana. Ana onse ndi ofanana kwa ine."

"Ndiye mukapimitse maso, aphunzitsi, chifukwa ine ndimaliona. Mlonda wa m'sitolo amaliona. Kalasi yanu ya kumapeto kwa khonde imaliona bwino kuposa tonsefe."

Amuna awo anawagwira pa mkono, koma Atelala anauchotsa mkonowo n'kutembenukira kwa Ahedi.

"Inu Ahedi, mumadutsa pakhomo lija tsiku lililonse. Simuonapo kanthu?"

Ahedi anasanja mapepala amene anali osanjika kale. "Mayi, ife timatsata zimene aphunzitsi aona m'kalasi. Makolo ambiri amaona ana awo mosiyana ndi ife. Si zachilendo."

Ananena zimenezi osawayang'ana, ndipo izi zinawapweteka Atelala kuposa mawu onse a mtsikana uja. Munthu ameneyu ankadziwa. Anali ndi khungu lomwelo, mwinanso ndi ana ake kunyumba, koma anasankha kuyang'ana mapepala. Pepala limodzi analikankhira kwa bambo a mapasa, pamodzi ndi cholembera, ndipo bamboyo, mwa chizolowezi cha munthu wosainira ntchito tsiku ndi tsiku, anachilandira.

Nthawi yomweyo panja panamveka phokoso la benchi ikugwedezeka, kenako mawu a Batani otsika koma olimba: "Zipi, tsika! Tsika, atimva!"

"Mwamvatu," anatero aphunzitsi mofatsa. "Amakhala choncho tsiku lonse."

"Muitaneni," anatero Atelala. "Mwalemba za iye, mwakambirana za iye, muli pafupi kumusamutsa. Alipo amene wamufunsa?"

Ahedi anatsegula chitseko n'kumuitana. Batani analowa n'kuima pafupi ndi tebulo la aphunzitsi, manja ali m'mbali, zikhatho zili poyera, monga anaphunzitsidwira.

"Mwana wanga," anatero Ahedi, "n'chifukwa chiyani umagwira m'bale wako m'kalasi?"

Batani anayang'ana amayi ake.

"Yankha. Nena zoona, usaope munthu," anatero Atelala, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti zoonazo zili mbali yawo.

"Kuti asalakwe."

"Koma imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi, si choncho?"

"Aphunzitsi samuona," anatero mwanayo. "Amayi amati Zipi akalakwa, anthu ayang'ana ine. Ndiye ndimafuna ndimutsitse msanga asanayang'ane." Kenako anawonjezera motsitsa, "Koma amayang'anabe."

Panja Zipi ankaimba nyimbo ya galimoto yozimitsa moto. Atelala anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Kudzuka pampando kuja, kukoka mkono kuja, kolala ija, zonsezo anali mawu awo a m'mawa uliwonse akuyenda ndi miyendo m'kalasi. Mwanayo sankachita mwano. Ankamvera.

Amuna awo anawayang'ana ngati akuona munthu wachilendo. "Mumamuuza zimenezo?"

Aphunzitsi ndiye anapuma ngati munthu amene watula mtolo. Maso awo anali ndi misozi, koma mawu anatuluka opepuka. "Ndiye kuti mwanayu akusenza katundu wochokera kunyumba. Mwina n'chifukwa chake akufunika thandizo lapadera."

"Wochokera kunyumba!" Atelala anaimirira, kampando kaja n'kugwera kumbuyo. "Ndinamuuza kuti mudzayang'ana iye. Inu mwayang'ana ndani? Ndinanama? Taonani chikatoni chanucho mundiuze ngati ndinanama!"

Mawu awo anasweka pamapeto, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri, chifukwa sankafuna kuti mtsikana ameneyu aone misozi yawo. Anali olondola, ndipo anali olakwa, zonse nthawi imodzi, ndipo mkwiyo wawo unasowa pogwera.

Bambo a mapasa anayang'ana chikatonicho nthawi yaitali. Kenako anaika cholembera patebulo.

"Aphunzitsi, woyerayo ndi wanga, ndimamudziwa. Kunyumba ndatopa n'kukonza zimene wathyola. Ngati teremu yonseyi sanatsikeko ngakhale pachikasu, ndiye kuti chikatoni chanucho n'chowonongeka. Sitisaina."

Ahedi anabweza pepala lawo mwakachetechete. "Popanda inu kusaina, sitingamusamutse Batani lero. Koma ndikuuzeni poyera. Chopanira chake chikafikanso pofiira teremu ino, nkhaniyi ipita kwa akuluakulu a zamaphunziro, ndipo kumeneko safunsa makolo." Kwa nthawi yoyamba anakweza maso n'kuyang'ana Atelala. "Mukudziwa mmene zimakhalira, mayi."

Ankadziwadi. Kupambana kwake kunali komweko: mwana amene anali wofatsa kale ankayenera kufatsa kuposa pamenepo.

Ananyamuka kubwerera kunyumba. Pa mphambano bamboyo anagulira anawo mabisiketi, mwina pofuna kuti manja awo achiteko kanthu. Zipi anatsegula ake pomwepo. Batani anangogwira paketi yake.

"Ika m'thumba, ukadye kunyumba," anatero bambo ake.

"Ndilibe matumba, ababa."

Bamboyo anaseka, akuyesa nthabwala. Anawerama n'kuyesa kulowetsa chala m'mbali mwa buluku la mwanayo. Chalacho chinakana. Anayesa mbali inayo. Kenako anayesa la Zipi, ndipo munatuluka mwala, chotsekera botolo ndi choko chakusukulu.

Anadikira mpaka ana atakwera kuchipinda cha pamwamba pa shopu, ndipo pokhapo ndi pamene anayamba.

"Mwana wanga alibe matumba, ine osadziwa?"

"Mukanachapako tsiku limodzi mukanadziwa."

"Musandiseke, mayi a mapasa! Mwamusandutsa mlonda wa m'bale wake. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri!"

"Nanga mumafuna nditani? Inu mukalowa m'sitolo manja ali m'matumba, amakufunsani kuti akuthandizeni chiyani. Ine amandilondola mpaka pa shelefu ya sopo. Tsiku limene anamupisa mwanayu munali kuntchito, ndipo nditakuuzani munati mlondayo anasokonezeka. Ndinatsala ndekha ndi singano. Ndinachita zimene ndimadziwa."

"Bwanji simunandiuze za matumbawo?"

"Mukanati ndikuyamba za khungu."

Bamboyo anakhala pa kampando ka makasitomala, mutu uli m'manja. Atelala sanawamvere chisoni, tsiku limenelo chisoni chawo chonse chinali ndi mwini wake. Anatenga diresi lija n'kuyamba kulipinda, koma mzere unkapita mokhota, ndipo analiponya patebulo.

M'mawa mwake bamboyo sanalawirire ku zikepe. Anati Zipi amuperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi, ndipo anatuluka naye atamugwira chikwama chakumsana kuti asathawe. Atelala anali atalumbira mumtima kuti chibwano cha Batani sadzachigwiranso. Anamupatsa chikwama chake n'kutembenukira ku makina ngati ali ndi ntchito yofulumira.

Koma mwanayo sanachoke. Anabwera n'kuima patsogolo pawo, n'kukweza chibwano yekha, akudikira.

Atelala anamva mkwiyo ukukwera, wokwiyira mtsikana wa mawu ofewa, Ahedi ndi mapepala awo, mlonda wa pakona, amuna awo, ndi iwo eni. Koma chopanira chija chinali chikadali pakhoma, ndipo kungomusiya mwanayo apite osamuuza kanthu kunali kumupereka.

"Tamvera," anatero, manja awo ali pamiyendo. "Zipi usamugwirenso. Akwere shelefu, akwere denga, si ntchito yako."

"Nanga akagwa?"

"Agwe. Ali ndi bambo ake, ali ndi aphunzitsi ake. Iwe ukhale pampando pako basi."

Batani anayang'ana manja ake, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Amapita okha, amayi. Ndikangomuona akukwera, ndimapezeka ndamugwira kale." Anaganiza pang'ono. "Mungandimasulireko matumba? Ndizikawaika mmenemo. Ndiziwagwira m'kati kuti asatuluke."

Atelala anatenga kachitsulo kodulira ulusi pa tebulo la makina n'kugwada pansi, pamalo pomwe amagwada popinda madiresi a anthu. Ulusiwo unali wolimba, wosokedwa mothinana, ntchito ya munthu wodziwa chimene akuchita, ndipo anatukwana luso lawo chamumtima pamene ankaudula kamodzikamodzi. Thumba loyamba linatseguka, kenako lachiwiri. Nsalu ya m'kati inali yatsopano mbee, pamene bulukulo linali litayamba kale kutha m'mawondo.

Batani analowetsa manja pang'onopang'ono, ngati akuyesa madzi osamba. Anawakankhira mpaka pansi, n'kufumbata zibakera. Matumbawo anatupa mbali zonse ziwiri.

"Tsopano aphunzitsi sawaonanso," anatero, ndipo anamwetulira.

Anatuluka kutsatira bambo ake ndi m'bale wake, amene anali atafika kale patali. Atelala anaima pakhomo la shopu, tizidutswa ta ulusi tili pa siketi. Mwanayo ankayenda mowuma, mapewa atakwera, manja onse ali m'matumba, osathamanga. Pakona, mlonda wa sitolo uja anali atawerama akutsegula loko wa chitseko chachitsulo. Batani atayandikira, mlondayo anasiya lokoyo, n'kuweramuka, maso ali pa matumba otupawo.

Atelala anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma sanadziwe kuti amuuze atulutse manja kapena awasiye momwemo.